Pulayiwudi Amayamba Kuonongeka M'mphepete: Phunzirani Kumuphimba Bwino

Chaka changa choyamba pano pa koleji, mabuku anga ankakhala m'katoni pansi pa bedi. Pa tchuthi cha Disembala ndinatenga ndalama zomwe ndinkasunga, n'kugula theka la pulayiwudi, ndipo ndinakhoma shelefu pa shedi ya malume anga, omwe ndi kalipentala. Chifukwa cha changu, ndinamata kalamba kophimba m'mphepete pa thabwa lomwe ndinali nditangolicheka kumene, osalisalaza. Shelefuyo inkaoneka ngati ya m'sitolo. Koma pofika mu Febuluwale, mvula ili mkati, kalamba kaja kanali katayamba kukanganuka m'makona. Miyendo inali itafufuma ndi madzi okolopera, ndipo tsiku lina kamtengo kosongoka kanang'amba juzi ya mnzanga wa m'chipinda.

Nditawafotokozera malume, sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Kodi iwe, usanamate unayendetsapo chala m'mphepetemo?" Ndinayankha kuti, "Ayi malume, ndimaona ngati guluu atseka zonse." Iwo anaseka n'kunena kuti, "Guluu sawongola thabwa."

Phunziro la lero lachokera pa mawu amenewo. Ambiri mwa ife tidzakhala aphunzitsi, ndipo kusukulu komwe tidzapite tidzafunika kabati yosungira mabuku, bokosi la zipangizo zophunzitsira, kapena tebulo la kutsogolo kwa kalasi. Ena ndinu akuluakulu omwe mumakhometsa mipando kwa amisiri ndipo mukufuna kudziwa choyang'ana musanalipire. Tonsefe tiyenera kudziwa chifukwa chake m'mphepete mwa pulayiwudi mumafunika kuphimba, ndiponso kaphimbidwe koti kakhalitse.

Pulayiwudi amapangidwa bwanji?

Tengani kachidutswa ka pulayiwudi muyang'ane m'mphepete mwake. Muona mizere yosanjikizana. Mzere uliwonse ndi chipepala chopyapyala cha mtengo chomwe amisiri amachitcha veneer. Kufakitale amaika chipika pa makina ochizunguza, mpeni wautali n'kumachisenda ngati mmene timatambasulira nsalu yokulungidwa. Zipepalazo amaziumitsa, amazipaka guluu, kenako amazipanikiza pamodzi ndi makina otentha. Kuno kwathu ntchito yotere imachitika ku Chikangawa, m'nkhalango ya Viphya, komwe kampani ya Raiply imapanga pulayiwudi ndi blockboard.

Luso lomata mtengo wopyapyala pamwamba pa thabwa lina ndi lakale kwambiri. Amisiri a ku Egypt wakale ankachita zimenezi, ndipo zina mwa zinthu zomwe zinapezeka m'manda a Tutankhamun, omwe Howard Carter anawatulukira mu 1922, zinali zokutidwa motero. Kusiyana kwake n'kwakuti lero makina ndi omwe amasenda, ndipo guluu ndi wamakono.

Chinsinsi cha mphamvu ya pulayiwudi chagona pa kasanjidwe ka zipepalazo. Mtengo uli ndi mitsempha yoyenda m'litali mwake. Aliyense amene anawazapo nkhuni akudziwa kuti nkhwangwa imang'amba mosavuta potsata mitsempha, koma imavutika kudula mopingasa. Pa pulayiwudi, chipepala chimodzi mitsempha yake imayenda m'litali, chotsatira imayenda mopingasa, chachitatu m'litali, mpaka kumapeto. Nthawi zambiri zipepalazi zimakhala 3, 5, 7 kapena kuposa apo, nambala yosagawika pawiri, kuti nkhope ziwiri zakunja ziyang'ane kumodzi ndipo thabwa lisapindike. Thabwa lathunthu limatalika mamilimita 2440 ndipo m'lifupi ndi mamilimita 1220. Makulidwe omwe timawaona kawirikawiri ndi mamilimita 4, 6, 9, 12 ndi 18.

Chifukwa chake m'mphepete ndi mofooka

Kasanjidwe komwe kamapatsa pulayiwudi mphamvu ndi komwenso kamafooketsa m'mphepete mwake. Paliponse pomwe mungacheke, pafupifupi theka la zipepala lidzakhala litadulidwa mopingasa, mitsempha yake ili yasa! kunja. Mitsempha yodulidwayo ndi timapaipi tomwe mtengo unkamwera madzi uli wamoyo, ndipo sitileka ntchito yake. Donthezani madzi pa nkhope ya thabwa, muona akukhalitsa pamwamba. Donthezani m'mphepete, muona akulowa nthawi yomweyo.

Madzi akalowa, chipepala chilichonse chimafufuma mopingasa mitsempha yake. Popeza zipepala zoyandikana zimayang'ana kosiyana, zimakokerana kwina ndi kwina, ndipo guluu wa pakati pake amatopa. Zikauma zimabwerera, zikanyowa zimafufumanso. Mvula ikagwa nyengo imodzi kapena ziwiri, thabwa limayamba kutseguka ngati masamba a buku lonyowa.

Vuto lachiwiri ndi kugumuka. Chipepala cha pankhope ndi chopyapyala kwambiri, ndipo chimathera m'mphepete popanda chochitchinjiriza. Chikwama chikakola pakona, kachidutswa kamanyamuka. M'kalasi ya ana aang'ono, timitengo totere timabaya zala ndi kung'amba yunifomu. Vuto lachitatu ndi maonekedwe: mizere ija, komanso timaenje tomwe timapezeka pomwe chipepala cha mkati chinali ndi mfundo kapena sichinakumane bwino ndi chinzake.

Njira zitatu zophimbira

Njira yoyamba ndi kalamba ka veneer kokhala ndi guluu kale kumbuyo kwake. Kamagulitsidwa kokulungidwa, ndipo kukhuthala kwake ndi pafupifupi theka la milimita. Guluu wake ndi wouma, amasungunuka akatenthedwa ndipo amagwira akazizira. Chida chachikulu ndi simbi yositira zovala.

Njira yachiwiri ndi kalamba kopanda guluu, komwe mumamata ndi guluu wa contact, uja wa fungo lamphamvu yemwe osoka nsapato amagwiritsanso ntchito.

Njira yachitatu ndi kumata kathabwa kenikeni kopyapyala m'mphepete, kokhuthala mamilimita 6 mpaka 10. Akalipentala ambiri kwathu kuno amaikonda chifukwa zidutswa za matabwa zimapezeka pa shedi pomwepo.

M'masitolo mupezanso timalamba ta pulasitiki ta PVC ndi ta melamine. Timeneti tinapangidwira matabwa a chipboard ndi MDF okutidwa kale ndi mtundu woyera kapena wina. Ngati mukufuna kupaka vanishi kuti mtengo uoneke, gulani ka mtengo weniweni, chifukwa pulasitiki salandira vanishi ngati mtengo. Kuti musiyanitse, nyowetsani chala mukhudze kunsonga: mtengo weniweni umada pang'ono ukanyowa, pulasitiki sasintha.

Kusankha kwake kutsate ntchito ya m'mphepetemo. Kutsogolo kwa shelefu ya mabuku, m'mbali mwa chitseko cha kabati ndi malo ena omwe sagundidwa kawirikawiri, kalamba ka veneer ndi kokwanira. Pamwamba pa desiki ya ana asukulu, m'mphepete mwa benchi ndi pa tebulo lodyera, ikani kathabwa kenikeni. Veneer wa theka la milimita amatseka ndi kukongoletsa, koma sangapirire kugundidwa ndi mipando tsiku ndi tsiku.

Kuwerengera musanagule

Kalamba kakhale kokulirapo pang'ono kuposa thabwa, kuti katsale mbali zonse ziwiri ndipo mudzadule bwino. Pa thabwa la mamilimita 18, gulani kalamba ka mamilimita 22. Yezani thabwa lanu ndi tepi m'malo mongokhulupirira zolembedwa, chifukwa nthawi zina limachepera pang'ono.

Tiyeni tiwerengere shelefu ngati yanga. Matabwa awiri oimirira ndi otalika mamilimita 900 lililonse. Matabwa anayi ogona ndi a mamilimita 600 lililonse. Kuya kwa shelefu ndi mamilimita 250. M'mphepete moonekera kutsogolo muli 900 kawiri, zomwe ndi 1800, ndi 600 kanayi, zomwe ndi 2400. Pamwamba pa matabwa oimirira pali 250 kawiri, zomwe ndi 500. Tikaphatikiza tikupeza 4700. Chidutswa chilichonse chiyenera kupitirira ndi mamilimita 20 kunsonga zonse ziwiri, ndiye pa zidutswa 8 tikuonjezera 320. Zonse pamodzi ndi mamilimita 5020, kupitirira pang'ono mamita 5. Gulani mamita 6, kuti chotsalacho muyeserere ndi kukonzera polakwika.

Gawo lofunika kuposa onse: kukonza m'mphepete

Apa ndi pomwe ine ndinagwera. Guluu wa kumbuyo kwa kalamba ndi wochepa. Amagwira pokhapo pomwe kalamba kakhudza thabwa. Ngati m'mphepete muli mabampu a sowo, kalamba kamakhala pamwamba pa mabampuwo, pakati pake pali mphepo. Tsiku loyamba simungaone, koma chinyezi chimalowera pomwepo.

Choyamba, chekani mosamala. Lembani mzere ndi sikweya, kenako dutsitsani mpeni wakuthwa pamzerewo kawiri kapena katatu kuti mudule chipepala cha pankhope. Mukatero sowo siinyamula timitengo. Gwiritsani sowo ya mano ang'onoang'ono. Ngati ndi sowo yamanja, nkhope yabwino ya thabwa iyang'ane kumwamba, chifukwa mano ake amadula potsika ndipo amagumula kunsi. Ngati ndi sowo yamagetsi yozungulira yogwira pamanja, nkhope yabwino iyang'ane pansi, chifukwa mano ake amadula pokwera.

Chachiwiri, tsekani maenje. Sakanizani utuchi wosalala ndi guluu woyera wa matabwa mpaka zikhale ngati phala lolimba, mukanikizire m'dzenje ndi nsonga ya mpeni, musiye usiku wonse. Ngati mwalowa pouma, onjezerani. Kalamba kakadutsa pa dzenje losatseka, tsiku lina chala chidzaboola pamenepo.

Chachitatu, salazani. Kulungani sandipepala wa nambala 120 pa kathabwa kosalala, ndipo muyendetse m'litali mwa m'mphepete mosapendeketsa. Musagwire sandipepala ndi dzanja lokha. Dzanja ndi lofewa, limadya makona n'kusiya pakati potukuka, ndipo kalamba sikagwira m'mbali momwe mukufunika kugwira kwambiri. Ikani sikweya pa nkhope ya thabwa muone ngati m'mphepete mwaima chilili. Ikaninso rula m'litali muyang'ane kuwala: pomwe kukudutsa, pamenepo pali polowa.

Chachinayi, chotsani fumbi ndi bulashi kapena nsalu youma. Guluu akamatirira pa fumbi ndiye kuti sanamatirire pa thabwa. Pomaliza yendetsani chala monga ananenera malume. Chala chimamva zomwe diso siliona.

Kumbukiraninso kuti ntchito yophimba imachitika musanakhome. Thabwa lililonse liphimbidwe lili palokha. Mukayamba mwakhoma shelefu, simbi siifika m'makona amkati ndipo kudula kumavuta.

Kumata ndi simbi

Imikani thabwa m'mphepete muli kumwamba. Ngati mulibe chopanira, mnzanu agwire kapena mulipanikize pakati pa njerwa zokutidwa ndi nsalu. Ikani simbi pa moto wositira zovala za thonje, ndipo mutsanule madzi onse, chifukwa nthunzi imanyowetsa veneer. Ikani pepala loyera losalembedwa pakati pa simbi ndi kalamba, kuti guluu asadetse simbi yomwe mawa mukufuna kusitira malaya oyera.

Ikani kalamba pakatikati, katsale mofanana uku ndi uku. Yambirani kunsonga imodzi. Tenthetsani kachigawo ka masentimita 15 kapena 20, mukuyendetsa simbi pang'onopang'ono osaimitsa pamodzi. Chizindikiro choti guluu wasungunuka ndi timadontho tonyezimira totulukira m'mbali mwa kalamba. Chotsani simbi, ndipo nthawi yomweyo mukanikize mwamphamvu ndi kathabwa kosalala, mukukhula uku ndi uku. Pendeketsani kathabwako pang'ono kumanja, kenako kumanzere, kuti m'mbali monse mugwire. Simbi imangosungunula guluu. Chomwe chimamata ndi kukanikiza pamene guluu akuzizira. Mukatha chigawo chimodzi pitani chotsatira, mpaka kunsonga.

Ngati kalamba kapatuka, musakakoke kali kozizira. Tenthetsaninso, kasunthireni pamalo pake, n'kukanikiza. Uwu ndiye ubwino wa guluu wa mtundu umenewu.

Magetsi akazima, simbi ya makala imagwira ntchito yomweyo, koma moto wake sudziwika mlingo. Yeserani pa kachidutswa kaye. Ngati pepala likusanduka lofiirira msanga, simbi yatenthetsa, idikireni. Ngati kalamba kakukanganuka mosavuta ndipo guluu akuoneka wouma monga analili, moto wachepa. Samalani ndi phulusa ndi timakala togwera pa thabwa.

Pa thabwa lomwe mukuphimba mbali zonse zinayi, monga chitseko cha kabati, yambani ndi mbali zosaonekera kwambiri, muzidule, kenako mumalize ndi zoonekera. Mukatero kalamba koonekera kamabisa nsonga za tinzake.

Kudula chotsala

Dikirani mphindi zingapo kuti kalamba kazizire. Kudula guluu akadali wofewa kumasuntha kalamba ndi kupaka ulimbo pa nkhope ya thabwa.

Yambani ndi kunsonga. Tembenuzani thabwa kuti kalamba kagone pa thabwa lina lopanda ntchito, ndipo mudule ndi mpeni wakuthwa potsata kona. Kenako bwerani m'mbali. M'masitolo ena muli kachida kodulira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, koma tchizulo, mpeni kapena tupa zimakwanira. Goneketsani msana wa tchizulo pa nkhope ya thabwa, mupendeketse pang'ono, ndipo mukankhe pang'onopang'ono. Manja onse awiri akhale kumbuyo kwa mpeniwo.

Yang'anitsitsani mitsempha ya kalamba. Siiyenda mowongoka ngati rula. Ngati mukudula ndipo mwaona mng'alu ukuthamangira mkati mwa kalamba, imani pomwepo, muyambire kunsonga inayo. Mbali imodzi mtengo umang'ambikira kunja, mbali inayo umang'ambikira mkati, ndipo inu mukufuna yong'ambikira kunja.

Pogwiritsa tupa, kankhani kuchokera ku kalamba kulowera ku thabwa, kuti mano azikanikizira kalamba pamalo pake. Mukakoka mobwerera mukukanikiza, mukukanganula zomwe mwamata.

Malizani ndi sandipepala wa nambala 180 kapena 220 pa kathabwa, mupendeketse, mudutsitse kawiri kapena katatu kuti kona isakhale yakuthwa. Kona yofewetsedwa siikola zovala ndipo imasunga vanishi. Musapitirire muyeso, chifukwa chipepala cha pankhope mukhoza kuchiboola, guluu wa pansi pake n'kuonekera. Bala limeneli silibisika.

Kumata ndi guluu wa contact

Ngati mwapeza kalamba kopanda guluu, pakani guluu wa contact mopyapyala mbali zonse ziwiri, pa thabwa ndi pa kalamba. M'mphepete mwa pulayiwudi mumamwa guluu, choncho pakani koyamba, mudikire aume, mupakenso. Musamate guluu ali wonyowa. Dikirani mphindi zomwe zalembedwa pa chitini, mpaka mukakhudza asatsale kuchala.

Guluu ameneyu sapereka mwayi wachiwiri. Mbali ziwirizo zikangokhudzana, zagwirana. Ikani pepala pakati, mulunjikitse kalamba, kenako muzisolola pepala pang'onopang'ono mukukanikiza pambuyo pake. Pomaliza ikani kathabwa pamwamba mugogode ndi hamala m'litali monse.

Chenjezo: nthunzi ya guluu ameneyu imayaka moto ndipo imapweteketsa mutu. Gwirani ntchitoyi panja kapena potsegula mawindo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi simbi ya makala. Musaigwirire m'chipinda chogona, ndipo kusukulu musasiyire ana chitini.

Kumata kathabwa kenikeni

Sankhani thabwa louma bwino. Laliwisi limafota likamauma n'kusiya mpata. Paini amagwirizana ndi pulayiwudi wa paini, ndipo zidutswa za mbawa kapena mlombwa zotsala pa shedi zimapereka mzere wakuda wokongola komanso wolimba. Kathabwako kakhale kopitirira makulidwe a pulayiwudi ndi milimita imodzi kapena ziwiri. Musaiwale kuchotsera makulidwe ake pa muyeso: ngati tebulo liyenera kukhala mamilimita 600 m'lifupi ndipo mukuika timatabwa ta mamilimita 8 uku ndi uku, chekani pulayiwudi pa 584.

Pakani guluu woyera wa matabwa m'mphepete, mudikire pang'ono alowe, mupakenso, kenako muike kathabwa. Popanira, malume amadula chubu chakale cha njinga m'timizere n'kukulunga thabwa lonse mokoka. Mphira imakanikiza mofanana paliponse ndipo siisiya mabala. Mukhozanso kukhomera timisomali topanda mitu, koma tilowetseni mkati kuti puleni asatigunde. Pukutani guluu wotuluka ndi nsalu yonyowa pang'ono, musiye ntchitoyo mpaka mawa lake. Posalaza ndi puleni, matani tepi ya pepala pa nkhope ya pulayiwudi pafupi ndi kathabwa. Mukaona puleni wayamba kukanda tepi, siyani, mumalize ndi sandipepala.

Njira imeneyi ili ndi phindu lina. Shelefu yaitali yodzaza mabuku imawerama pakati. Mukamata kutsogolo kwake kathabwa kotsika mamilimita 30 kapena 40, m'malo mwa kofanana ndi makulidwe a thabwa, shelefu imalimba ndipo siiwerama msanga.

M'mphepete mosaoneka

Kalamba kokha sikatchinga madzi, chifukwa nakonso ndi mtengo. Pakani vanishi kawiri kapena katatu, mukusalaza pang'ono pakati pake. Musanapake, palani guluu yense wotsalira pa nkhope, chifukwa pomwe pali guluu vanishi amasiya banga loyera.

Miyendo ya shelefu yanga inafufuma chifukwa ndinaphimba pomwe anthu amaona pokha. M'mphepete mwa pansi, momwe mumakhudza simenti, ndi momwe mumakumana ndi madzi okolopera tsiku lililonse. Mupake vanishi mpaka musiye kumwa, ndipo mukhomere timatabwa tolimba kapena zidutswa za tayala kunsi kwake kuti pulayiwudi akwere pang'ono. M'mphepete mwa kumbuyo, moyang'ana khoma, mupakenso, chifukwa makoma ambiri amagwira chinyezi m'dzinja. Pewaninso kuika katundu wophimbidwa ndi simbi pafupi ndi mbaula, chifukwa guluu wosungunuka ndi moto akhoza kufewanso.

Kalamba kakayamba kunyamuka pakona, musadikire. Chotsani fumbi pansi pake, ikani pepala, tenthetsani ndi simbi, mukanikize. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, pomwe mukazengereza mudzafunika kalamba katsopano. Akuluakulu anati mchiuno mwa mwana simufa nkhuku, ndipo nanunso musadandaule ntchito yoyamba ikapanda kutuluka bwino. Yeserani pa zidutswa mpaka dzanja lizolowere.

Mukamalandira katundu kwa mmisiri

Ngati simukhoma nokha, yang'anani zinthu zinayi musanalipire ndalama yomaliza. Yendetsani chala m'mphepete monse mumve ngati pali pokola. Gogodani kalamba ndi chikhadabo, chifukwa pomwe sikanagwire pamalira mosiyana ndi pena ponse. Yang'anani m'makona ngati timalamba takumana popanda mpata. Kenako pemphani mwaulemu kuti, "Bambo, tatembenuzani tione kunsi." Mmisiri wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi pempho limeneli.

Shelefu yanga ndinaibweza ku shedi pa tchuthi chotsatira. Tinadula masentimita 3 ofufuma kumiyendo, tinachotsa kalamba konse ndi simbi, ndipo ndinakhala masana onse ndikutseka maenje ndi kusalaza. Kumata kwenikweni sikunathe ngakhale ola limodzi. Yadutsa m'dzinja lina osanyamuka pena paliponse, ndipo juzi ya mnzanga ndinalipira kwa telala.

Zoti muchite ndi kukambirana

Choyamba, pemphani kachidutswa ka pulayiwudi kwa kalipentala wapafupi. Werengani zipepala zake, muonetse zomwe zadulidwa mopingasa. Pakani vanishi m'mphepete mumodzi, musiye mwina, ndipo muimike mbali zonse ziwiri mosinthanitsa m'mbale ya madzi ochepa kwa ola limodzi. Lembani zomwe mwaona. Ophunzira uphunzitsi, ganizirani mmene mungagwiritsire ntchito kuyesa kumeneku pophunzitsa kayendedwe ka madzi mu zomera.

Chachiwiri, kabati ili ndi zitseko ziwiri, chilichonse mamilimita 700 m'litali ndi 400 m'lifupi, ndipo mbali zonse zinayi ziphimbidwa. Mukaonjezera mamilimita 20 kunsonga iliyonse ya chidutswa chilichonse, mufunika kalamba kotalika bwanji?

Chachitatu, yendani m'kalasi kapena m'chipinda chanu, mupeze katundu mmodzi wa pulayiwudi yemwe wayamba kuonongeka. Wayambira pati? Mwa njira zitatu zija, ndi iti yomwe ikanayenera pamenepo, ndipo chifukwa chiyani?